Funsani za makompyuta: khodi yanga ndiyike pa MIT kapena GPL?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya malaisensi a mapulogalamu a open source, omwe khodi yake ili poyera kuti aliyense aione, aisinthe ndi kuigawa, ndiye ndangosankhapo ochepa. Ena ndawadula chifukwa anali aatali zedi, musakwiye.

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndamaliza kumene sukulu ya za makompyuta ndipo ndalemba ka app kothandiza magulu a banki m'khonde kusunga mabuku awo, masheya, ngongole, chiwongoladzanja, ndani wabweza ndani sanabweze, zonsezo. Ndinalembera gulu la mayi anga koma pano magulu ena ayamba kupempha. Kali ndi mbali ya pafoni komanso mbali ya pa seva. Ndikufuna kuyika khodi pa GitHub, webusayiti yosungirapo ndi kugawanapo khodi, kuti ena athandizeko koma ikundifunsa laisensi. Mnzanga wina akuti ika MIT basi aliyense amaika imeneyo, wina akuti MIT ndi kupusa akubera, ika GPL. Mutu waima. Nditani? (Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre)

YANKHO: Achimwene, uja wakuti "aliyense amaika imeneyo" musamumvere pa chifukwa chimenecho, ngakhale akunena zoona kuti MIT ndi yomwe yadzaza pa GitHub. Yadzaza chifukwa zambiri zomwe anthu amaika kumeneko ndi tizidutswa tating'ono toti ena alowetse mu mapulogalamu awo, pomwe inu muli ndi chinthu chathunthu choti munthu atha kuchitenga lero mawa n'kuyamba kulipiritsa anthu. Kusiyana kumeneko ndiye nkhani yonse.

MIT ndi kachikalata kafupi, kamakwana pa sikirini imodzi. Kamati tenga, gwiritsa ntchito, sintha, gulitsa, kaya ufune kubisa zomwe wasinthazo zako izo, bola usachotse dzina langa ndi mawu a laisensiyi, ndipo ikakuphulikira usandisumire. BSD, yomwe inachokera ku University of California ku Berkeley, ndi chimodzimodzi pafupifupi. Apache 2.0 ya 2004 ndi yaitaliko chifukwa inawonjezera za ma patent, kuti amene wapereka khodi asadzatembenuke mawa n'kumati mukugwiritsa ntchito patent yanga ndilipireni. Zonsezi ndi zomwe amati permissive, kutanthauza malaisensi ofewa.

GPL anailemba Richard Stallman, yoyamba inatuluka mu 1989, yachiwiri 1991, yachitatu 2007. Iyonso imati tenga, sintha, gulitsa, koma ukampatsa munthu wina pulogalamuyo, kaya mwaulere kaya pa ndalama, umpatsenso khodi yake yonse kuphatikiza zomwe wawonjezera, pa laisensi yomweyo. Mukudziwa mapulojekiti a mbuzi zopatsirana aja kumudzi, banja limalandira mbuzi koma zikaswa ana oyamba amapita kwa banja lina, nalonso lidzapatsira lina? Mfundo ya GPL, yomwe amati copyleft, ndi imeneyo. Mbuzi ndi yako, weta, gulitsa manyowa, koma mzere usathere pa iwe.

Kuti muone kusiyana kwake pa zinthu zenizeni. PlayStation 4 ya Sony imayenda pa sisitimu yomangidwa pa FreeBSD, ndipo Sony sikakamizidwa kuonetsa aliyense zomwe inasintha, laisensi ikulola. Andrew Tanenbaum, pulofesa amene analemba sisitimu yoyendetsa kompyuta yotchedwa MINIX, yomwe ili pa BSD, anadzamva mu 2017 kudzera m'nkhani za pa intaneti kuti Intel inaika MINIX mkati mwa machipi ake omwe ali m'makompyuta ambirimbiri padziko lonse. Iye analemba kalata poyera, osati yokalipa ayi, ankangoti zikanakhala bwino akanangomuuzako. Palibe chomwe Intel inalakwa, BSD imatero. Kumbali inayo, kampani ya Linksys inagulitsa ma router a WRT54G muli Linux mkati, anthu atazindikira mu 2003 anaipanikiza mpaka inatulutsa khodi chifukwa Linux ili pa GPL, ndipo kuchokera pa khodi imeneyo kunabadwa OpenWrt yomwe mpaka lero anthu amaika m'ma router awo. Ikanakhala MIT khodi ija sikanatuluka.

Ndiye funso loti mudzifunse ndi lakuti chomwe chingakupwetekeni mtima kwambiri n'chiyani. Kudzuka tsiku lina n'kupeza kampani ina yobwereketsa ndalama yatenga app yanu, yasintha mtundu ndi logo, yawonjezera zolipira pa foni, ikulipiritsa amayi omwewo mwezi ndi mwezi, inu osatha ngakhale kuona zomwe anakonza? Kapena kuona kuti makampani ndi mabungwe akuilambalala chifukwa akuopa laisensi, n'kungokhala pa GitHub yokhayokha ndi nyenyezi zitatu zosonyeza omwe aikonda, ziwiri za anzanu aja? Ngati choyambacho ndi chomwe chikukusowetsani tulo, copyleft. Ngati chachiwiri, Apache kapena MIT.

Koma pali bowo lomwe mnzanu wa GPL uja sanakuuzeni. GPL imagwira pokhapokha munthu akagawira ena pulogalamuyo. Kampani ikatenga mbali ya pa seva ija, n'kuisintha, n'kuiika pa seva yake, magulu n'kumangolowa kudzera pa intaneti, sinagawire munthu chilichonse, ndiye GPL ilibe nayo mawu. Bowo limeneli ndi lomwe anatsekera ndi AGPL, ya 2007, yomwe imati ukasintha khodi n'kumalola anthu kuigwiritsa ntchito kudzera pa netiweki, anthuwo ali ndi ufulu wolandira khodiyo. Ndiye mukati mupite ku copyleft, pa seva ikani AGPL osati GPL wamba, apo ayi mwatchinga khomo mwasiya zenera.

Ine ndikanakhala inu ndikanaika AGPL pa seva, GPL 3 pa app ya pafoni, ndipo ngati muli ndi kachidutswa kowerengera chiwongoladzanja ndi kugawa masheya pakutha pa chaka komwe kangathandize ena, ndikanakachotsa padera n'kukaika pa Apache 2.0 kuti aliyense atenge. Chifukwa changa n'chakuti ntchito imeneyi ndi ya magulu a anthu wamba omwe sangalipire munthu wokonza khodi, ndiye chilichonse chomwe wina wakonza chiyenera kubwerera kwa iwo. Mtengo wake muudziwe basi, makampani ena safuna n'komwe kuyandikira AGPL, Google inachita kulemba poyera kuti antchito ake asaigwiritse ntchito. Komanso mukadzafuna kupita pa App Store ya Apple, malamulo akumeneko sagwirizana bwino ndi GPL, pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC inachotsedwako mu 2011 pa nkhani yomweyi. Panopa khodi yonse ndi yanu ndiye sizikukhudzani, koma ena akadzayamba kuwonjezerapo zawo mudzafunika chilolezo chawo.

Musaganizenso kuti njira imodzi ndiyo ya anthu ozindikira. Unduna wa zaumoyo kuno kwathu umagwiritsa ntchito DHIS2 yochokera ku University of Oslo, ili pa BSD, komanso OpenLMIS yolondolera mankhwala m'zipatala, ili pa AGPL. Zonse zikuyenda.

Chinanso, ichi sichokhudza laisensi koma ndaona anthu akulira nacho. Musanakankhe khodi ku GitHub fufuzani kuti mulibe mayina a amayi a gulu lija, manambala a foni, ngongole zawo, mapasiwedi a database kapena makiyi a zolipira pa foni. Ndipo kufufuta fayilo lero sikokwanira, git, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi, imakumbukira zonse za m'mbuyo, munthu atha kubwerera ku version yakale n'kupeza kuti mayi akutiakuti ali ndi ngongole ya miyezi ingapo. Kuli bwino muyambe repo, malo osungira khodi, yatsopano yoyera.

FUNSO: Ndamva kuti pulogalamu ikakhala pa GPL sungagulitse, ndi yaulere basi. Zoona? Ine ndimapangira anthu mawebusayiti pa WordPress ndiye ndayamba kuopa. (Wowerenga wa ku Mzuzu)

YANKHO: Bodza limenelo, pitirizani kudya ndalama zanu. WordPress ili pa GPL ndipo pali anthu ochuluka padziko lonse omwe amadyera momwemo, ma theme ndi ma plugin amagulitsidwa tsiku ndi tsiku. GPL siletsa kutchaja, imangoti amene mwamugulitsayo alandirenso khodi ndipo ali ndi ufulu woisintha kapena kupatsa wina. Sikuti muyenera kuiika pa intaneti kuti dziko lonse lione ayi, udindo wanu uli kwa amene mwamupatsa pulogalamuyo basi. Vuto lake ndi loti kasitomala wanu atha kupatsa mnzake theme yomwe anakulipirani ndipo simungamuletse, ndiye ndalama yeniyeni muziyembekezera pa kukonza, hosting, kuphunzitsa ndi kukhala munthu amene amayankha foni webusayiti ikagwa Loweruka usiku.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa kakampani kakang'ono, tikupanga sisitimu yoyendetsera sukulu za pulaiveti, fizi, malipoti a ana, zotero, pa Java. Posachedwa ndazindikira kuti library yomwe timapangira ma PDF a malipoti, iText, ili pa AGPL. Ndinauza abwana, akuti ndani adziwe, pitiriza. Mtima wanga suli m'malo. Kodi ndiye kuti sisitimu yonse tiyenera kuipereka poyera? (Wowerenga wa ku Area 47, Lilongwe)

YANKHO: Achemwali, mwachita bwino kuwerenga laisensi, ambiri amangotenga library, khodi ya ena yokonzeka kale, n'kuilowetsa mu pulogalamu yawo n'kumapita. iText kuyambira pa version 5 ili pa AGPL, ndipo eni ake amapanga ndalama ndendende pa anthu ngati inu. Njira yawo ndi iwiri, ukafuna yaulere tsegula khodi ya pulogalamu yako yonse pa AGPL, ukafuna kutseka gula laisensi yamalonda. MySQL ndi Qt nawonso amachita malonda a mtundu womwewu. Ndiye ngati mukugulitsa sisitimu kwa masukulu, kaya mukuwaikira pa makompyuta awo kaya akulowa pa seva yanu, muli ndi zosankha zitatu, kutsegula khodi, kulipira, kapena kuichotsa library imeneyo. Kwa kakampani kakang'ono chachitatuchi ndiye chotchipa, Apache PDFBox ili pa Apache 2.0 ndipo malipoti a ana a sukulu imapanga bwinobwino, mungotaya masiku angapo kulembanso mbali imeneyo.

Za "ndani adziwe" zija. Zoona, mwina palibe amene angakwere ndege kubwera ku Lilongwe kudzakusumirani chifukwa cha malipoti a Sitandade 5. Koma malaisensi amenewa amaluma. Ku Germany Harald Welte anapambana mlandu ndi D-Link mu 2006 pa GPL, Free Software Foundation inasumira Cisco mu 2008 mpaka anakambirana kunja kwa khoti chaka chotsatira, ndipo kampani ya Artifex, eni ake a pulogalamu ya ma PDF ya Ghostscript, inatengera kukhoti kampani ya ku South Korea ya Hancom pa nkhani yofanana kwambiri ndi yanuyi, ya ma PDF. Koma chomwe chimagwetsa anthu kawirikawiri si khoti. Ndi tsiku lomwe bungwe lalikulu kapena kampani yakunja ikufuna kugula sisitimu yanu kapena kulowa nanu mgwirizano, amayendetsa pulogalamu yofufuza malaisensi a chilichonse chomwe munalowetsa, AGPL ija n'kutulukira, dilu n'kuima. Abwana anu auzeni zimenezo, chilankhulo cha ndalama amamva msanga. Komanso ma PDF amakhala ndi kamzere kobisika konena pulogalamu yomwe inawapanga, tsegulani lipoti limodzi muone pa properties, mupeza dzina la iText lili pompo. Ndiye lipoti lililonse lomwe kholo lalandira ndi umboni.

Popeza mwayamba kale kufufuza, malizani ma library onse. Zambiri zomwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi zofewa, Spring ili pa Apache, React ndi Laravel pa MIT, Django ndi Flutter pa BSD, PostgreSQL ili ndi laisensi yakeyake yofewanso, izi mungokumbukira kusunga mawu a laisensi ndi mayina a eni ake penapake mu pulogalamu yanu, chinthu chomwe pafupifupi aliyense amaiwala. Pali zapakati, LGPL ndi MPL, zomwe zimati ukasintha library yathu bweza zosinthazo koma khodi yako yomwe ikungoyitana library ndi yako, tseka ukafuna. OpenMRS yomwe imagwira ntchito m'zipatala zina kuno ili pa MPL 2.0. Ndipo kusakaniza kumayenda mbali imodzi, khodi ya MIT itha kulowa mu pulojekiti ya GPL, zonse pamodzi n'kukhala GPL, koma ya GPL simungailowetse mwanu n'kumati zonse ndi MIT. Palinso kamsampha kena, Apache 2.0 imagwirizana ndi GPL 3 koma osati GPL 2.

Sisitimu yoti mukungogwiritsa ntchito mkati mwa ofesi yanu, osapatsa wina aliyense, GPL ilibe nayo ntchito, sinthani mmene mungafunire.

FUNSO: Ine sindinaike laisensi iliyonse, ndinangoti aliyense atenge. Si bwino choncho? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Ayi, mwachita zosiyana ndi zomwe mumafuna. Khodi yopanda laisensi ndi yanu nokha mwalamulo, copyright imabwera yokha mukangolemba, simuchita kulembetsa kulikonse, ndipo lamulo lathu la copyright la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Munthu atha kuiona pa GitHub koma alibe chilolezo choigwiritsa ntchito mu zake, ndiye anthu osamala amangoidutsa. Ngati mtima wanu ndi woti aliyense atenge, pangani fayilo ya LICENSE, ikanimo MIT, lembani chaka ndi dzina lanu, mphindi ziwiri zatha. Musalembe yanuyanu chonde, zija zoti "yaulere koma osagulitsa" kapena "ya Amalawi okha", imeneyo si open source ndipo palibe loya wa kampani amene angaivomereze chifukwa sadziwa kuti ikutanthauza chiyani. Malaisensi ena aja a Creative Commons asiyireni zithunzi ndi zolemba, eni akewo amanena okha kuti si a khodi.

Koma musanaike chilichonse onetsetsani kuti khodiyo ndi yanudi. Ngati munailemba muli pa ntchito, kapena pa kontirakiti ya bungwe linalake, werengani pepala lomwe munasaina lija, nthawi zambiri pamakhala kandime koti zonse zomwe mwapanga ndi za iwo. Simungapereke chilolezo pa chinthu cha eni.

FUNSO: Nanga ndikaika MIT lero, zinthu n'kuyamba kuyenda, ndingasinthe mawa kuti ndiyambe kupezapo kenakake? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

YANKHO: Mungasinthe za kutsogolo, za m'mbuyo zapita. Version iliyonse yomwe munatulutsa pa MIT ikhala pa MIT mpaka kale, ndipo aliyense atha kuitenga pomwe munaisiyira n'kupitiriza yekha pa dzina lina. Izi si nthano, zachitika kangapo zaka zapitazi ndipo makampani ake ndi akuluakulu. Kampani ya Elastic inaika pulogalamu yake ya Elasticsearch pa Apache 2.0, inatopa kuona Amazon ikuigulitsa ngati sevisi, mu 2021 inasintha laisensi, Amazon inangotenga version yomaliza yotseguka n'kuyambitsa OpenSearch. Redis inachoka pa BSD mu March 2024, pasanathe masabata angapo kunabadwa Valkey pansi pa Linux Foundation, makampani akuluakulu a cloud ali pambuyo pake. HashiCorp inachita zomwezo ndi Terraform mu 2023, kunatuluka OpenTofu. Chosangalatsa n'chakuti Elastic mu 2024 ndi Redis mu 2025 onse anabwerera n'kuwonjezera AGPL ngati imodzi mwa malaisensi awo, koma apo n'kuti anthu ena atasamuka kale ndipo ma fork aja, OpenSearch ndi Valkey, akupitirirabe. Ine ndimaona kuti anayamba ndi laisensi yofewa kuti akule msanga, anakuladi, kenako n'kumadandaula kuti ena akuchita zomwe laisensiyo inawalola kuchita. Sindiwamvera chisoni kwenikweni.

Njira inayo ndi yosavuta. Mukayamba ndi GPL kapena AGPL, tsiku lililonse mutha kufewetsa n'kupita ku MIT, palibe amene angakwiye, kapena kugulitsa laisensi yapadera kwa kampani yomwe ikufuna kutseka zake ngati mmene a iText aja amachitira. Koma zonsezi zimatheka ngati khodi yonse ndi yanu. Munthu wina akangotumiza pull request, khodi yake yoti ilowe mwanu, inu n'kuilandira, mizere imeneyo ndi yake, ndipo kusintha laisensi kumafuna kuti naye avomere. A VLC atafuna kusamutsa injini yawo kuchoka pa GPL kupita pa LGPL anachita kusakasaka anthu omwe analembapo khodi mmodzimmodzi, ena atasowa kalekale, ndipo mbali za omwe sanapezeke kapena kukana zimayenera kulembedwanso kapena kuchotsedwa. Linux ili pa GPL 2 kuyambira 1992, Linus Torvalds sanaifune GPL 3, ndipo ngakhale akanaifuna, olemba ake ndi masauzande.

Ndiye ngati mukudziwa kale mumtima kuti mudzafuna kupezapo ndalama, konzani pano pomwe muli nokha. Sankhani AGPL, ndipo aliyense wofuna kuthandiza asaine kachikalata kotchedwa CLA kokupatsani mphamvu yogulitsa laisensi ina pa zomwe wapereka. Ena adzakana kusaina, ndi ufulu wawo, poti akuona kuti inu mudzadyapo iwo ayi, ndiye lembani zimenezi poyera mu README, fayilo yofotokoza pulojekiti yanu, kuyambira tsiku loyamba kuti munthu adziwiretu asanataye nthawi yake. Ndipo popeza muli ku Joni, ngati pali kampani yomwe yayamba kale kulankhula za ndalama, pezani loya wodziwa za copyright ya mapulogalamu aone mapepalawo musanasaine.